Ejenti akuti hurricane ili momo, nde titenge quote yotchipayo?

Funso: Ndine nesi, ndimakhala ku Tampa kuno ku Florida ndipo tikugula nyumba yathu yoyamba cha ku Riverview, closing, tsiku losainirana kuti nyumba ikhale yathu, ndi mu May. Banki ikufuna inshuwalansi ya nyumba. Tapatsidwa ma quote atatu, onse nyumba aiika pa $350,000, koma ina ndi $2,900 pachaka, ina $3,600, inayo $4,300. Onse akuti hurricane ili momo, kungoti yotchipayo yalemba hurricane deductible 5% pomwe zinazo zalemba 2%, ine sindikumvetsa. Nyumba ili mu zone X nde banki yati ya flood siikufunika. Denga lili ndi zaka 13. Bambo akunyumba akuti titenge yotchipayo basi tisavutike. Titani?

Yankho: Zikomo achemwali pofunsa musanasaine, chifukwa ambiri amabwera kudzafunsa denga litasasuka kale. Ndiyankha motalikirapo ndithu, mundipirire, ndipo abambo akunyumbawo muwawerengere nawonso chifukwa sakulakwitsa kufuna kusunga ndalama, kungoti nambala imene akuyang'anayo si imene idzakupwetekeni.

Ejenti akati hurricane ili momo sakunama, koma akunena theka lokha. Namondwe amabwera ndi zinthu ziwiri, mphepo ndi madzi, ndipo kuno ku America ziwirizi amagulitsa padera. Policy wamba ya nyumba, ija amati HO-3, imalipira zimene mphepo yaononga: denga lasasuka, mtengo wagwera nyumba, zenera lasweka, komanso mvula imene yalowera pamene mphepo yaboola. Koma madzi obwera chapansi, kaya ndi nyanja yakankhidwa ndi mphepo nkulowa kumtunda yomwe amati storm surge, kaya ndi mtsinje wa Alafia umene umadutsa ku Riverview kwanuko wasefukira, kaya ndi mvula yochuluka yoti ngalande zalephera kumeza mpaka madzi alowera pakhomo, zonsezo kwa iwo ndi flood ndipo HO-3 siilipira ngakhale senti imodzi. Zilibe kanthu kuti wabweretsa madziwo ndi namondwe yemweyo amene "ali momo". Pambuyo pa namondwe Katrina mu 2005 anthu a ku Mississippi ndi Louisiana anakhala zaka m'makhoti kukangana ndi makampani kuti chagwetsa nyumba ndi mphepo kapena madzi, ndipo ma policy ambiri ali ndi kachiganizo kamene amati anti-concurrent causation, kotanthauza kuti chinthu chikaonongeka ndi mphepo ndi madzi pamodzi kampani ikhoza kukana gawo limenelo. Munthu amene ali ndi policy zonse ziwiri mkangano umenewu sumamusiya pamtetete.

Ife a ku Malawi izi sitifunika kuuzidwa kawiri. Freddy mu March 2023, ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche, chimene chinatenga nyumba ndi anthu sanali mphepo ayi, anali madzi ndi matope. Kunonso nthawi zambiri ndi chimodzimodzi.

Nde za zone X zija, dera limene pa mapu a boma amati chiopsezo cha madzi osefukira nchocheperapo. Banki ikati flood siikufunika, ikutanthauza kuti lamulo silikuikakamiza kukufunsani, chifukwa lamulolo limagwira nyumba za mu zone zoyamba ndi A kapena V, monga AE ndi VE, zikakhala ndi loni. Siikunena kuti madzi sangafike. Mapu a FEMA, bungwe la boma la America loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amajambulidwa potengera mitsinje ndi nyanja, ena ndi akale, ndipo saona bwino mvula yongokhuthuka malo amodzi kapena ma subdivision atsopano amene athira konkire pamene kale panali dambo lomwa madzi. Harvey mu August 2017 anakhuthula mvula ku Houston masiku angapo osaleka ndipo nyumba zambiri zimene zinamira zinalibe inshuwalansi ya flood, zambirinso zinali kunja kwa zone zoopsazo. Ian mu September 2022 anagwera pafupi ndi Fort Myers koma madzi anakamiza nyumba ku Orlando ndi Kissimmee, kutali ndi nyanja. Helene mu 2024 sanagwere nkomwe ku Tampa, anadutsa kunyanja kulowera kumpoto, koma surge yake inalowa m'nyumba zambirimbiri kuzungulira Tampa Bay, kenako anakaononga mpaka ku Asheville kumapiri a North Carolina komwe anthu ambiri sankaganizako za flood. Pasanathe masabata awiri Milton anafika, anagwera ku Siesta Key, ndipo mitsinje ya ku Hillsborough kwanuko inasefukira. Inu munali konko, mukuzidziwa kuposa ine mwina. Ndiye ine kwa munthu wogula nyumba ku Riverview ndimati gulani ya flood, zone X kapena ayi.

Komanso musasokoneze flood zone ndi evacuation zone, ndi mapu awiri osiyana. Wina ndi wa FEMA wa inshuwalansi, wina ndi wa county wouza anthu nthawi yothawa. Onani onse awiri pa adiresi ya nyumbayo.

Ya flood mungagule m'njira ziwiri. Pali ya boma, NFIP, imene inayamba mu 1968 ndipo imayendetsedwa ndi FEMA, ejenti wanu yemweyo akhoza kukugulitsani. Malire ake ndi $250,000 pa nyumba ndi $100,000 pa katundu wa mkati, nde pa nyumba ya $350,000 mukuona kuti pali mpata, ngakhale madzi sakonda kugwetsa nyumba yonse kumtunda ngati kwanuko. Ya katundu mumagula padera, siibwera yokha, ndipo imalipira mtengo wa katundu wakutha osati watsopano. Chinanso chachikulu, NFIP siilipira malo ogona pamene nyumba ikukonzedwa, hotela ndi lendi zimakhala za m'thumba mwanu uku mortgage ikuyendabe. Njira inayo ndi makampani a private, amene ena amapereka malire okwera komanso ndalama ya pogona, koma akhoza kukukanani chaka chotsatira akaona kuti dera lanu lawavuta. Tengani quote zonse ziwiri muyerekeze.

Apa pali mwayi umene muli nawo panopa okha. NFIP imakhala ndi masiku 30 odikira musanayambe kutetezedwa, nchifukwa chake kugula namondwe akuoneka kale pa TV sikuthandiza. Koma mukaigula limodzi ndi loni, mwalipira pa closing kapena isanafike, masiku 30 aja palibe. Closing yanu ndi mu May, nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November, nde ikani zonse patebulo tsiku limenelo. Funsaninso ogulitsawo ngati ali ndi policy ya NFIP kale, chifukwa imatheka kuisamutsira kwa inu ndipo pena mtengo wake umakhala wotsikirapo.

Tsopano pa deductible pamene mwati simukumvetsa, ndipo pamenepa ndi pamene pali mtima wa funso lanu. Policy ya ku Florida imakhala ndi ma deductible awiri. Ina ndi ya zinthu zonse wamba monga moto kapena paipi yaphulika, amailemba AOP, imakhala ndalama yodziwika monga $1,000 kapena $2,500. Inayo ndi ya hurricane, imene inafala pambuyo pa Andrew wa mu August 1992 amene anasesa Homestead nkugwetsa makampani angapo a inshuwalansi. Iyi imakhala peresenti, koma chonde mvetsetsani, si peresenti ya zimene zaonongeka ayi, ndi peresenti ya mtengo wonse umene nyumba yaikidwa, uja amati Coverage A. Pa $350,000 yanu, 2% ndi $7,000. 5% ndi $17,500. Imeneyo ndi ndalama imene kampani imayamba yachotsa isanakupatseni kalikonse.

Tiyerekeze namondwe wasasula mbali ya denga, siling'i yanyowa, zonse pamodzi $20,000. Ndi quote ya 2% mulandira $13,000. Ndi yotchipa ija mulandira $2,500 basi, zotsalazo mukasake nokha. Kusiyana kwa premium, ndalama yolipira pachaka ija, pakati pa ziwirizi ndi $700 pachaka, pomwe kusiyana kwa deductible ndi $10,500, ndiye kuti mukufunika zaka 15 zopanda claim ya namondwe kuti ndalama imene mwapulumutsa ifanane ndi imene mudzataye tsiku limodzi. Zaka 15 ku Tampa Bay popanda namondwe wokhudza denga lanu, ine sindingabetche. Sindikunena kuti 5% ndi yoipa kwa aliyense, munthu amene ali ndi $17,500 ili phee ku savings ndipo saikhudza akhoza kuitenga mosangalala. Koma inu mwangotulutsa down payment ndi closing costs, mwinanso kumudzi akudikira fizi, nde dzifunseni moona mtima kuti mmawa wa tsiku lotsatira namondwe mungatulutse zingati osakongola. Nambala imeneyo ndiyo isankhe deductible. Funsaninso banki, ena salola deductible yopitirira mlingo wina.

Lamulo la Florida lili ndi kabwino kake pamenepa. Hurricane deductible imagwira kamodzi pachaka, kuyambira January mpaka December, bola muli pa kampani yomweyo. Ndiye ngati namondwe woyamba waononga za $4,000 zokha, zosafika pa deductible, musangokonza mwakachetechete, auzeni akampani ndipo sungani malisiti, chifukwa wachiwiri akabwera chaka chomwecho, ngati mmene Milton anatsatira Helene, $4,000 ija imawerengedwa. Imayamba kugwira National Hurricane Center ikapereka chenjezo la hurricane kudera lililonse la Florida, nkutha maola 72 chenjezo lomaliza litachotsedwa. Kunja kwa nthawi imeneyo mphepo ikaononga imagwa pa deductible ina. Nde onani ngati pa pepala palinso mzere wina wa wind/hail kapena named storm, chifukwa imeneyo imagwira ngakhale mphepo isanafike pa msinkhu wa hurricane.

Denga la zaka 13 ndi nkhani yachiwiri imene ikundidetsa nkhawa pa quote yotchipayo. Funsani ejenti funso limodzi ili ndipo ayankhe polemba: denga mukulipira replacement cost kapena actual cash value? Replacement cost ndiye kuti akupatsani ya denga latsopano. Actual cash value ndiye kuti amachotsa kaye zaka zimene denga latha, ndipo denga la shingle la zaka 13 kwa iwo latha kale kwambiri, kenako achotsenso deductible ija, mapeto ake cheke chimabwera chochepa kapena osabwera nkomwe. Ma quote otchipa ambiri amatchipira pamenepa, pena amabisa mu kapepala kotchedwa roof payment schedule kumapeto kwenikweni. Dziwaninso kuti malinga ndi lamulo la 2022, kampani singakukaneni chifukwa cha zaka za denga zokha ngati lisanafike zaka 15, koma likafika 15 mudzafunika inspection yoonetsa kuti likhoza kukhala zaka zina 5 kapena kuposa. Inu mwatsala ndi zaka ziwiri. Ngati contract ikadali ndi mpata wokambirana, denga limenelo ndi chifukwa chabwino choti mupemphe ogulitsa kuti atsitseko mtengo, ndipo mulimonsemo yambani kuika kandalama pambali ka denga latsopano.

Njira yabwino yotsitsira premium si kukweza deductible, ndi wind mitigation inspection. Munthu wovomerezeka amakwera mu siling'i kukaona mmene denga linamangiridwa ku khoma, kaya ndi misomali yokha kapena pali tizitsulo tija amati clips ndi straps, misomali ya matabwa a denga, ngati pali chotchinga madzi chachiwiri pansi pa ma shingle, maonekedwe a denga chifukwa lotsetsereka mbali zonse zinayi lija amati hip limapirira mphepo bwino, komanso ngati mazenera ndi chitseko cha galaja zili ndi ma shutter kapena magalasi olimba. Amalemba pa fomu ya boma ya OIR-B1-1802, imagwira zaka 5, ndipo makampani amakakamizidwa ndi lamulo kupereka discount pa zimenezi. Nyumba zomangidwa pansi pa Florida Building Code, malamulo a kamangidwe amene anayamba kugwira ntchito mu 2002, zimapeza zambiri mwa izi. Mtengo wa inspection ndi wochepa poyerekeza ndi zimene imabweza. Funsani ngati ma quote atatuwo awerengera kale ma discount amenewa, ngati sanatero ndiye kuti mitengo mwapatsidwayo si yomaliza. Palinso pologalamu ya boma ya My Safe Florida Home imene imathandizako kulimbitsa nyumba ndalama zikakhalapo, mukadzalowa muifufuze.

Ya $4,300 ija musaitaye musanaone chimene yakwerera. Ikani masamba oyamba a ma quote onse atatu pamodzi, aja amati declarations page, muyende mzere ndi mzere. Onani ordinance or law, kuno imakhala 25% kapena 50% ya Coverage A, ndi imene imalipira pamene county yakuuzani kuti simungamange mmene zinalili, mumange motsata malamulo atsopano. Onani loss of use, ndalama ya lendi ndi zina nyumba ikakhala yosagoneka chifukwa cha mphepo, ndipo kumbukirani kuti namondwe akadutsa ma contractor amasowa, kukonza kumatenga miyezi ndipo lendi imakwera. Onani ngati katundu wa mkati ali pa replacement cost. Ngati nyumba ili ndi khonde la sefa kumbuyo, lanai kapena pool cage, ma policy ambiri salipira zimenezo pa hurricane pokhapokha mwaonjezera. Nkhungu yomera m'makoma, ija amati mold, nayo imakhala ndi malire ake, kawirikawiri $10,000, ndipo ku Florida magetsi akazima sabata nyumba ili yonyowa nkhungu siichedwa. Water backup, madzi obwerera m'mapaipi a zonyansa, nayonso ndi yoonjezera padera ndipo si flood. Ikhoza kukhala kuti $700 yoonjezera ikugula zinthu zenizeni, ikhozanso kukhala kuti ndi kampani yodula chabe. Pepala ndi limene linene.

$350,000 imene aikayonso muifunse. Coverage A si mtengo umene mwagulira nyumba, ndi ndalama yomangiranso nyumba yomweyo lero, malo osawerengera. Pemphani ejenti akuonetseni replacement cost estimate yake muone ngati kukula kwa nyumba ndi zipangizo analemba zoona. Ena amatsitsa nambalayi kuti quote ioneke yokoma.

Kampaniyonso muiyang'ane. Mu 2022 makampani angapo a inshuwalansi ya nyumba ku Florida anagwa, anthu nkutsala akuthamanga kusaka ina nyengo ya anamondwe ili mkati. Onani rating yake ku Demotech kapena AM Best, amene amayeza mphamvu ya makampani pa chuma, ndipo funsani ngati ndi admitted, yokhala ndi laisensi ya boma la Florida, kapena surplus lines, yopanda laisensi imeneyo. Ya admitted ikagwa, bungwe la FIGA limalipira ma claim mpaka malire ena, pomwe ya surplus lines ilibe chitetezo chimenecho. Ngati zavuta pali Citizens, kampani ya boma la Florida imene inakhazikitsidwa mu 2002 kuti izilandira amene asowa kolowera. Koma simungalowe ngati kampani ya private yakupatsani mtengo wosapitirira 20% pamwamba pa wa Citizens, imatha kulipiritsa makasitomala ake ndalama yoonjezera namondwe akaiphwetsa thumba, ndipo malinga ndi lamulo la December 2022 ikufuna makasitomala ake amene policy yawo imalipira za mphepo akhale ndi ya flood, pang'onopang'ono mpaka onse pofika 1 January 2027, zone X ndi momwemo. Boma lenilenilo laona kuti zone X si chitetezo.

Kwa abale amene ali ku Texas zimasiyana pang'ono, m'ma county 14 a m'mbali mwa nyanja monga Galveston ndi kachigawo ka Harris County, policy ya nyumba nthawi zambiri imachotseratu mphepo ndipo amaigula padera ku TWIA, nde kumeneko munthu amakhala ndi ma policy atatu.

Ndimamva anthu akuti FEMA idzatithandiza. Thandizo la FEMA limabwera pokhapokha pulezidenti walengeza kuti kwagwa tsoka, limakhala lochepa loti mungoyambira, silimanga nyumba, ndipo lina limene amakulozerani ndi loni ya SBA, bungwe lina la boma, yoti mudzabweze. Kwa ife obwera palinso china, ndalama ya FEMA imaperekedwa kwa nzika ndi amene ali ndi mapepala ena monga green card, munthu wa visa ya ntchito kapena ya sukulu sawerengedwa payekha, pokhapokha m'nyumbamo muli wina woyenerera monga mwana wobadwira kuno. Inshuwalansi yogula nokha siifunsa zimenezo.

Musanafike pa closing pemphani zinthu ziwiri kwa ogulitsa. Kuyambira pa 1 October 2024 lamulo la Florida limafuna wogulitsa nyumba apereke flood disclosure, yonena ngati anapangapo claim ya madzi osefukira kapena kulandira thandizo la boma pa zimenezo. Muiwerenge, musangosaina pamodzi ndi mulu wa mapepala. Chachiwiri ndi CLUE report, imaonetsa ma claim a nyumbayo a zaka 7 zapitazo, mwini nyumba ndi amene angaitenge. Ndipo mukapita kukaionanso nyumba, gogodani kwa aneba muwafunse kuti Milton atadutsa madzi anafika pati mumsewumo. Aneba sabisa.

Ineyo pa zimene mwandiuzazi ndikanayambira pa ya $3,600 ya 2%, nditatsimikiza kuti denga lili pa replacement cost, nkupanga wind mitigation kuti itsikeko, ndalama yotsalayo nkuika ku flood. Ndipo musachedwe kuimanga policy, chifukwa namondwe akangolengezedwa kuti akubwera makampani amatseka, salemba policy yatsopano kapena kusintha deductible mpaka adutse, ndipo closing zambiri zimaima chifukwa cha chimenechi. Mu May muli bwino, koma closing ikasunthidwa kulowa mu June muzikumbukira.

Mukalowa m'nyumba, tengani foni mujambule vidiyo chipinda chilichonse, tsegulani makabati, jambulani denga ndi mpanda zili bwinobwino, musunge pa intaneti pamodzi ndi policy osati mu drowa imene idzanyowe. Tsoka likadzagwa, claim yatsopano kuno muli ndi chaka chimodzi choti muwauze akampani, claim yoonjezera muli ndi miyezi 18, koma imbani sabata yomweyo, tchingani denga ndi tenti kuti zisaonongeke kwambiri ndipo sungani lisiti lililonse. Anthu ogogoda pakhomo namondwe atangodutsa, oti sainani apa tikukonzerani denga laulere, musawasainire kanthu musanalankhule ndi kampani yanu.

Galimoto nayo ili payokha. Ya nyumba kapena ya flood siilipira galimoto yomira m'galaja, imalipira ndi comprehensive ya pa inshuwalansi ya galimoto, nde ngati munaichotsa mutamaliza loni muibwezeretse June asanafike.